Turner ndi Doko la Cologne

Chithunzi chotchedwa Cologne, the Arrival of a Packet-Boat: Evening chinajambulidwa ndi Joseph Mallord William Turner wa ku England, ndipo anthu anachiona koyamba mu 1826 pa chionetsero cha Royal Academy ku London. Ndi chachikulu ndithu, choposa mamita awiri chopingasa. Chimaonetsa doko la mzinda wa Cologne pa mtsinje wa Rhine dzuwa litapendeka. Ngalawa yodzaza apaulendo ikukocheza, nsanja ya tchalitchi cha Gross Sankt Martin yatulukira pamwamba pa malinga a mzinda, amayi akunyamula matabwa pagombe, galu akumwa madzi. Zonsezi zamira m'kuwala kwachikasu, moti thambo, madzi ndi mchenga zikuchita ngati chinthu chimodzi.

Turner anabadwa mu 1775 ku Maiden Lane, m'dera la Covent Garden. Bambo ake anali ometa anthu, ndipo ankapachika zojambula za mwanayo m'malo awo ometera kuti odzameta azigula. Analowa sukulu ya Royal Academy mu 1789 ali ndi zaka 14, ndipo chaka chotsatira ntchito yake inali kale pa chionetsero. Anayamba ndi utoto wosungunula ndi madzi, kujambula matchalitchi akale ndi mabwinja. Chithunzi chake choyamba cha utoto wamafuta kuonetsedwa, Fishermen at Sea, chinatuluka mu 1796, ndipo mu 1802 anakhala membala wathunthu wa Royal Academy.

Nkhondo za pakati pa Britain ndi France zinatseka njira yopita ku maiko ena a ku Ulaya kwa zaka zambiri. Napoleon atagonjetsedwa mu 1815, Angerezi anakhamukira kutsidya kukaona maiko, ndipo Turner naye ananyamuka mu 1817. Anaima pa bwalo la nkhondo la Waterloo, kenako anatsata Rhine, mtunda wambiri wapansi, akujambula m'timabuku take. Pa ulendowo panatuluka zithunzi pafupifupi 50 zimene mnzake Walter Fawkes anagula zonse. Ulendo wa ku Italy mu 1819 unamuonetsa dzuwa limene kwawo kulibe, ndipo kuyambira pamenepo mitundu yake inanka niwala.

Apa m'pamene pali kulimba mtima kwa chithunzi cha Cologne. Turner ankalemekeza kwambiri Claude Lorrain, Mfalansa wa m'zaka za m'ma 1600 amene ankajambula madoko ongoganizira, a mafumu ndi ngwazi zamakedzana, dzuwa lili pakatikati. Nsalu yaikulu chotere inkasungidwira nkhani za m'Baibulo kapena za Agiriki ndi Aroma. Turner anatenga kukula komweko ndi ulemerero womwewo n'kuzipereka kwa anthu wamba a m'nthawi yake, onyamula katundu ndi apaulendo otopa, pa doko lenileni limene aliyense akanatha kupitako. Anali atachita chimodzimodzi mu 1825 ndi doko la Dieppe ku France.

Chinamuthandiza ndi utoto watsopano wachikasu wopangidwa ndi chromium, umene unali utangoyamba kupezeka. Ankaupaka pa nsalu imene anayamba waipaka zoyera, pamene anzake ambiri ankayambira pa nsalu yodera. Olemba m'manyuzipepala ena sanakondwe nazo. Ankati mitundu yotere kulibe m'chilengedwe, makamaka kumpoto kwa Ulaya, ndipo ankamuseka kuti wadwala nthenda ya chikasu. Chimene sanachione n'chakuti Turner sankafuna kuwerenga njerwa za Cologne. Ankafuna kuti woonayo amve mmene kuwala kwa madzulo kumasungunulira m'mphepete mwa zinthu, ndipo pa zimenezo chithunzichi n'choona kwambiri.

Pali nkhani yotchuka yakuti pa chionetserocho Turner anadetsa dala thambo la chithunzichi ndi mwaye, pofuna kuti lisaphimbe zithunzi za Thomas Lawrence zimene zinapachikidwa pafupi. Akatswiri ambiri a masiku ano amaikayikira, koma kufala kwake kukusonyeza mmene chithunzicho chinkathobwera anthu m'maso.

M'zaka zotsatira anapitirira pamenepo. The Fighting Temeraire cha 1839 chimaonetsa sitima yankhondo yakale ikukokedwa ndi kasitima ka nthunzi kupita kokaphwasulidwa. The Slave Ship cha 1840 chimaonetsa akapolo a ku Africa ataponyedwa m'nyanja maunyolo ali m'miyendo, thambo lili psuu. Mu Rain, Steam and Speed cha 1844, sitima yapamtunda ikutulukira m'chimvula ndipo palibe chooneka bwinobwino. Onyoza anachuluka, koma mu 1843 John Ruskin anatulutsa gawo loyamba la buku la Modern Painters pomuikira kumbuyo.

Turner anamwalira ku Chelsea pa 19 Disembala 1851 ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha St Paul's. Dziko lake linalandira zithunzi zake zamafuta pafupifupi 300 ndi zojambula za papepala masauzande ambiri, zimene zochuluka zili ku Tate Britain. Ziwiri anazipereka ku National Gallery atalamula kuti zizipachikidwa pambali pa za Claude. Chithunzi cha Cologne sichinali m'gulu limenelo chifukwa chinali chitagulidwa kale. Mu 1914 Henry Clay Frick wa ku America anachigula pamodzi ndi cha Dieppe, ndipo ziwirizi zili ku Frick Collection mumzinda wa New York.