Za Mseu wa Stevenson m'Dziko la Chitipa

Munthu wokwera galimoto lero kucokera ku Karonga kumka ku Chitipa afika dzuwa lisanapendeke, osaganizira za iwo amene anatsegula njirayo. Cifukwa cace kuyenera kuti tikumbutsane mbiri yace.

Kale lomwe, Azungu asanafike, dziko ili linali ndi eni ace. Alambya anakhala pansi pa mfumu yao Mwaulambya, amene makolo ace anaoloka mtsinje wa Songwe. Asukwa ndi Andali anamanga pa mapiri a Misuku. Ndipo kumwera, ku Nthalire, kunali midzi ya olankhula Citumbuka. Mtundu uli wonse unaphunzira makhalidwe a nthaka yace. A kucidikha anadula nthambi za mitengo, naziunjika, nazitentha, nafesa mawere m'phulusa. Nthaka ikaguga anasuntha munda, ndipo mudzi unatsata munda. A kumapiri, kumene mvula icuruka, anaunda mizere pamatsitso, nabzala nthoci pozinga nyumba zao, nakhazikika. Njira zao zinali tinjira ta munthu mmodzi, tokhotakhota polambalala mwala ndi dambo. Ndipo pamene Angoni ndi Awemba anadza kudzafunkha m'zaka za m'ma 1800, ambiri anasonkhana m'malinga, ena nathawira kumapiri.

M'caka ca 1881 James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow, analonjeza mapaundi 4,000 kuti ulambulidwe mseu wolumikiza Nyanja ya Nyasa ndi Nyanja ya Tanganyika, mtunda wa mamailosi oposa 200. Iye anati mumtima mwace, Amishoni ndi a kampani ya African Lakes, imene anthu anaicha Mandala, akayenda momasuka, malonda a akapolo adzafota. Nchitoyo anaipereka kwa mmisiri James Stewart. Pobvuta koposa panali pa zikweza, pamene munthu acoka ku cigwa cotentha ca ku nyanja nakwera ku dziko lozizira la kumtunda. Pamenepo anthu a m'midzi anakumba ndi makasu, nagubuduza miyala, nalandira nsalu ngati malipiro ao. M'caka ca 1882 a Mishoni ya Livingstonia anayamba malo ao kwa Mwiniwanda, m'mbali mwa mseuwo. Koma Stewart anamwalira ndi malungo m'caka ca 1883, ndi William McEwan, amene analowa m'malo mwace, anamwaliranso m'caka ca 1885. Potero mseu weniweni unangofika kumtunda. Kutsogolo konse kunatsala njira ya miyendo. Ngakhale zinatero, amtengatenga anasenza pamitu pao zidutswa za sitima yochedwa Good News, kufikira anazitula ku Tanganyika.

Tsono taonani cimene Stevenson sanaciyembekeza. Mlozi ndi anzace, ogula minyanga ndi akapolo, anamanga malinga ao pafupi ndi Mpata, pakhomo peni peni pa mseuwo. Nkhondo inabuka m'caka ca 1887, ndipo mphamvu ya Mlozi siinathe kufikira December 1895, pamene asilikari a Harry Johnston anagumula linga lace. M'caka ca 1890 Angelezi ndi Ajeremani, pogawana dziko, anaika malire pa Songwe, mseu wonse nutsalira Angelezi. Motero pfuko limodzi linapezeka m'maiko awiri, wina tsidya lino, mbale wace tsidya lija. Boma linamanga Fort Hill panjirapo, masitolo ndi nyumba zinatsata, ndipo ndiwo mudzi umene uchedwa Chitipa tsopano. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 amuna ambiri anagwidwa kukasenza akatundu a asilikari panjira yomweyi, ena osabweranso kwao. Pambuyo pace anyamata anaturukira pomwepo kumka ku migodi ya golidi ya ku Lupa ndi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, akazi natsala ndi minda.

Panapita zaka zoposa 130 ciyambire nchito ya Stewart kuti mseu wa Karonga ndi Chitipa, wa makilomita ngati 100, uthiridwe phula ndi cithandizo ca dziko la China. Lero khofi wa ku Misuku, nyemba ndi cimanga zitsika msanga kumsika, ndi wodwala afika kucipatala akali ndi moyo. Koma galimoto lomwelo linyamulanso matumba a makala; ndipo phiri likatha mitengo, madzi a mvula akokolola munda ndi mlatho pamodzi.

Cifukwa cace, aphunzitsi, tengani ana anu, mumuke nao kwa akuru a m'mudzi, awaonetse pamene panali linga ndi pamene panapita mseu wakale, ndipo alembe m'mabuku mwao maina a makolo amene anakumba ndi kusenza. Ndipo inu a mumpingo, pokambirana za malo a mudzi ndi minda m'mbali mwa mseu, musaiwale kusiya nkhalango pa akasupe ndi pamatsitso, monga anacita eni ace a Misuku posunga Mughese, Wilindi ndi Matipa kufikira lero lino.