Chikuta M'dziko la Lundu

M'dera la Mfumu Yaikulu Lundu, kuchokera ku Chikwawa kutsika ndi mtsinje wa Shire mpaka ku Nsanje, mkazi akabereka samasiyidwa yekha. Iye ndi khanda lake amalowa m'chikuta, ndiko kuti amabindikira m'nyumba masiku angapo kufikira mchombo utagwa. Mwamuna samalowamo. Ntchito yonse imakhala ya azamba, anamkungwi ndi agogo: kutereka madzi otentha omusambitsa ndi kumuthowa mayiyo, kumuphikira phala la mapira kapena mchewere, kumupatsa thobwa kuti mkaka ubwere, ndi kumuonetsa kagwiridwe ka mwana pabere. Mtsikana wa mimba yoyamba amaphunzira zonsezi ali pamphasa, wamkulu ali pambali pake usana ndi usiku.

Apa mpofunika kusiyanitsa. Amang'anja amatsata chikamwini, choncho mkazi amachira pakati pa abale ake, m'manja mwa mayi ake omubala. Asena, amene anachuluka m'chigwachi kuchokera ku Zambezi, amalowola, ndipo mawu aakulu pa khanda amakhala a apongozi akuchimuna. Mkazi wachisena amayamwitsa pansi pa diso la mlendo, ndipo sizimakhala zopepuka nthawi zonse.

Pansi pa mwambo wonsewu panali mantha a mdulo. Khanda limatengedwa kuti ndi lozizira, pamene munthu wokhala malo amodzi ndi mnzake ndi wotentha, ndipo akaligwira likhoza kutupa ndi kufa. Nchifukwa chake makolo amadikira miyezi mpaka tsiku lotenga mwana, ndipo mayi samathira mchere m'ndiwo. Ambiri lero amaseka, koma lamuloli limatalikitsa mimba yotsatira ndipo mwana amayamwa nthawi yaitali. Choipa chake chinali chakuti mwana wotupa ndi njala amamutcha wodulidwa, mlandu nkugwera bambo kapena mayi m'malo moti afunefune chakudya. Ena amafinyanso mkaka woyamba wachikasu uja nkuutaya poyesa kuti ndi woipa, chonsecho ndiwo umateteza khanda ku matenda, ndipo phala lamadzimadzi limayamba msanga kwambiri.

Zipatala monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona zinayamba kusintha zinthu, koma chimene chinagwedeza chikuta kwenikweni ndi Edzi. Mu 2001 bungwe la WHO linalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6. Mayi wopezeka ndi kachilombo m'zaka zimenezo amauzidwa kuti ikakwana miyeziyo aletse mwana bere msanga. Koma m'mudzi momwe mwana amayamwa mpaka atayenda, kuletsa kotere kunali kudziulula pamaso pa apongozi. Ambiri anasankha kukhala chete nkumayamwitsabe. Mpumulo unadza mu 2011 pamene Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo.

Azamba nawo anaona zakuda. Mu 2007 boma linawaletsa kubereketsa pofuna kuchepetsa imfa za amayi. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho, koma pofika 2012, mu ulamuliro wa Joyce Banda, mafumu ambiri anali akulipiritsa chindapusa, kawirikawiri mbuzi, kwa wochirira kunyumba. Kuchira kuchipatala kunapulumutsa miyoyo, zimenezo palibe angatsutse. Cholakwika chinali kuiwala kuti mzamba samangodula mchombo, amakhalanso ndi mayiyo sabata yonse. Namwino amamutulutsa mawa lake, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene anapatsidwa udindo woyendera makanda pakhomo amakhala mmodzi pa midzi ingapo. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwu unabadwa pamene anthu ake ogwira ntchitoyo anali pafupi.

Tsono kuchigwa kuli vuto lina limene kumtunda salidziwa bwino. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, komanso namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anathamangitsira mabanja zikwizikwi m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi. Kumeneko mayi wa khanda la masiku atatu amagona m'kalasi limodzi ndi anthu makumimakumi, ndipo agogo amangomutchingira pakona ndi chitenje.