Kuthamanga m'njira zakumudzi: zoyenera kudziwa za Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma

Loweruka lililonse m'mawa, Facebook ndi WhatsApp zimadzaza ndi zithunzi za anthu othamanga mu tauni, ena ku Bingu Stadium, ena m'misewu ya ku Area 47, thukuta lili kamukamu. Ambiri amaganiza kuti masewerawa ndi a m'tauni basi. Koma malo abwino othamangira mu Lilongwe ali kuno kumudzi, kumadzulo ndi kumpoto kwa mzinda, ndipo salipiritsa. Chofunika kudziwiratu n'chakuti kuno kulibe njira yolembedwa chikwangwani kuti "thamangani muno". Njira zonse ndi za eni ake: zopita kudimba, kumjigo, kuchigayo, kumanda.

Dera lake ndi lotani

Mpingu, Msundwe ndi Namitete zili m'mbali mwa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Pa Namitete ndi makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu tauni. Nsaru, Kabudula ndi Nambuma zili chakumpoto kwa msewuwu, ndipo Nambuma ili chakumalire ndi boma la Dowa. Dera lonseli ndi chigwa chotambalala chomwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Zitunda zilipo koma n'zosaopsa, zongokwera pang'onopang'ono kuchoka m'dambo.

Dothi limakomera mawondo kuposa tara. Akatswiri a ku Kenya omwe amapambana mipikisano ya dziko lonse amachita zokonzekera zawo zambiri m'misewu yafumbi ya ku Iten, osati pa tara. Kwawoko n'kokwera kwambiri, pafupifupi mamita 2,400, ndiye tisadzinamize kuti tafanana nawo. Koma fumbi lofiira lija ndi lomweli.

Njira zake zili mitundu ingapo. Pali misewu yafumbi yodutsa ngolo ndi galimoto za mavenda ogula mtedza ndi soya. Iyi ndi yabwino kwa oyamba kumene chifukwa simungasochere. Pali tinjira ta njinga todutsa pakati pa minda ya chimanga ndi fodya, topapatiza koma tosalala bwino chifukwa matayala amatipondaponda tsiku ndi tsiku. Kenaka pali njira za m'mphepete mwa dambo, zomwe zimakoma kuyambira June koma dzinja ndi matope okhaokha.

M'mizere musathamangemo. Mungabinye phazi, komanso mwini munda sangakusekerereni.

Nkhalango ilipo, koma si iliyonse yolowa

Apa ndi pomwe alendo ambiri amalakwitsa. Ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma mitengo yachilengedwe inatha kale ndi minda, zigafa ndi nkhuni zowotchera njerwa. Mukaona kankhalango kowirira ka mitengo ikuluikulu pakati pa minda, nthawi zambiri amenewo ndi manda. Mitengoyo inatsala chifukwa palibe amene amaidula. Ndipo kuno ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Kumanda n'komwe kumakhala dambwe. Wosameta salowako, ngakhale mthunzi wake ukome bwanji, ngakhale mapu a mu foni akuonetseni kuti njira yachidule yadutsa pomwepo. Mukalowa, mlandu wake ukathera kwa amfumu, mwina mulipa nkhuku kapena mbuzi, mwinanso zikuvutani kuposa pamenepo.

Mukakumana ndi gule panjira, makamaka miyezi yokolola ikatha pomwe miyambo imachuluka, patukani, imani patali ndipo musatulutse foni kuti mujambule. Za TikTok muziiwale kaye.

Nkhalango yeniyeni yothamangamo ndi Dzalanyama, mapiri aja mumawaona chakumwera mukakhala pa Mpingu kapena pa Namitete. Ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1922, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 990, ndipo yatsata malire a Malawi ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko n'kudzadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe kumachokera madzi a m'mipopi ya mu tauni. Achewa amati pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa, m'pomwe anthu oyamba anatsikira ndipo anasiya mapazi awo pathanthwe.

M'kati muno ndi mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, mthunzi wokhawokha, timitsinje ta madzi ozizira, ndi zitunda zomwe zimakuuzani zoona za mapapo anu. Koma Dzalanyama ili pa mavuto. Makala ambiri omwe amalowa mu Lilongwe pa njinga amachokera kumeneko, moti mu 2015 boma linatumizako asilikali a Malawi Defence Force kuti akateteze mitengo. Tinjira tambiri tomwe mungaone m'nkhalangomo ndi ta owotcha makala, ndipo timathera pa uvuni. Munthu wachilendo wotulukira pamenepo ali ndi foni m'manja amaoneka ngati kazitape. Choncho pitani pagulu, dziwitsani a zankhalango musanalowe, tengani munthu wodziwa malowo, ndipo tsatani misewu ikuluikulu ya m'nkhalangomo. Netiweki imasowa m'malo ambiri, ndiye musadalire foni.

Nyengo

May mpaka August ndiye nthawi yake. Kumazizira, m'mawa m'madambo mumakhala nkhungu, minda ayeretsa ndipo mumaona patali. Vuto la nyengoyi ndi chitedze. Nyemba zake zikauma, ubweya wake ukakukhudzani mudzakanda mpaka misozi, choncho musadzipanikize m'tchire la m'mbali mwa mitsinje. Chisoso chimangomatirira m'sokosi, sichipweteka.

September mpaka November kumatentha kwambiri. Nyamukani kukangoyera, ndipo pofika 8 koloko mukhale mutabwerera. Ndi nthawinso yomwe anthu amatentha tchire posaka mbewa, utsi umakhala ponseponse. Mvula ikayamba, dothi lofiira limaterera ngati sopo, udzu umatseka tinjira, ndipo chimanga chikakula simuona yemwe akubwera pakona, kaya ndi njinga yamoto ya kabaza kaya ndi ng'ombe. Mtsinje ukadzaza musayese kuwoloka. Madzi ongoima a m'dambo musasambemo: likodzo limayambira momwemo.

Anthu, agalu ndi njoka

Kumudzi munthu sathamanga popanda chifukwa. Wothamanga mbandakucha, wachilendo, wavala chipewa chophimba nkhope, anthu amayamba kufunsana kuti waba mbuzi ya ndani. Izi si nthabwala. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kumwera, ena mwa iwo chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Mankhwala ake ndi osavuta: thamangani kukuwala, valani zooneka kuti ndi zamasewero, chotsani mahedifoni mukamadutsa m'mudzi, ndipo perekani moni. "Mwadzuka bwanji amayi", "Wawa agogo", sizikuchedwetsani. Ngati ndinu gulu ndipo mukufuna kumadutsa njira imodzi sabata iliyonse, kaonekereni kwa amfumu tsiku loyamba.

Mukaona masamba a mitengo atayalidwa pamsewu, pali maliro. Apanjinga amatsika n'kuyamba kukankha. Inunso siyani kuthamanga, vulani chipewa, yendani mpaka mutadutsa masamba achiwiri.

Kwa atsikana, zoona zake n'zakuti kabudula wothina yemwe sadabwitsa ku Area 47 akhoza kukuitanirani mawu pa Nsaru. Ambiri amavala thalauza la masewero n'kumangirira chitenje chopepuka m'chiuno. Ndipo musathamange nokha m'njira zodutsa m'chimanga.

Galu akakuthamangitsani, imani, mutembenukire, weramani ngati mukutola mwala, ambiri amabwerera. Akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Ku Namitete kuli St Gabriel's, ku Kabudula kulinso chipatala. Njoka yoopsa kwa wothamanga ndi mphiri, chifukwa sithawa, imangogona panjira. Ikakulumani musatemere, musayamwe bala, musamange chingwe. Pezani njinga yamoto msanga.

Zovala ndi poyambira

Simufunika nsapato zodula za mu shopu. Za kaunjika zimagwira ntchito, bola pansi pake pakhale mano ogwira dothi ndipo kutsogolo kutsale mpata wa chala chimodzi. Tengani botolo la madzi. Mijigo ilipo m'midzi yambiri, koma pemphani kaye kwa amayi omwe ali pamzere. Ikani kandalama m'thumba ka kabaza ngati mwendo utakana panjira.

Oyamba kumene ayambe ndi mphindi 20, kuthamanga pang'ono, kuyenda pang'ono, katatu pa sabata. Amene ali ndi bandulo akhoza kugwiritsa ntchito Strava kuyeza mtunda, koma bisani malo omwe mumayambira, si aliyense ayenera kudziwa khomo lanu ndi nthawi yomwe mumachoka. Wopanda foni awerenge ndi bwalo la mpira la pasukulu: kulizungulira katatu ndi pafupifupi kilomita imodzi.

Mukafika pomaliza makilomita 15 osaima, mukhoza kuyamba kuganiza za mipikisano. Mu Lilongwe mumachitika Be More Race ya Standard Bank, yomwe mtunda wake wautali ndi makilomita 21. Kwa okonda mapiri kuli Mulanje Porters Race, ya makilomita opitirira 20, yoyambira pa Likhubula n'kukwera phiri la Mulanje. Imeneyo musaiyerekeze ndi chigwa cha Kabudula. Kaphunzireni kaye zitunda ku Dzalanyama.