Liwu kapena Tanthauzo: Mbiri ya Kalembedwe ka Maina Achilendo m'Zilembo za Kanji

1.0 Chiyambi

Pepala lino likufotokoza m'mene Ajapani akhala akulembera maina a alendo ndi a maiko akunja pogwiritsa ntchito kanji, zilembo zimene anabwereka ku China. Gwero la vutoli n'lakuti chilembo chilichonse cha kanji chimanyamula zinthu ziwiri, liwu ndi tanthauzo. Kotero wolemba akasankha chilembo chifukwa cha liwu lake, tanthauzo limabwera nawo ngakhale sanaliitane.

2.0 Kutsata liwu

Njira yoyamba, yotchedwa ateji, inali yosankha zilembo zomveka ngati dzinalo. America inalembedwa ndi zilembo zinayi, a-me-ri-ka, ndipo chachiwiri mwa izo chimatanthauza mpunga. Pofupikitsa, chilembochi chinatsala chokha, ndiye chake United States imatchedwa Beikoku, ngati kunena kuti "dziko la mpunga". Mofananamo France inagwa pa chilembo cha Buddha, pamene Germany inalandira chotanthauza kukhala wekha.

Kuti tanthauzo silimafa tikuona pa dzina la Russia. Poyamba liwu lakuti ro linkalembedwa ndi chilembo chimene chimatanthauzanso kupusa. M'zaka za m'ma 1870 chinachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa china chomveka chimodzimodzi koma chotanthauza mame.

3.0 Kupatsa munthu dzina lina

Njira yachiwiri inali yosiya dzina lachilendolo. William Adams, Mngelezi amene anafika m'dzikomo mu 1600, anatchedwa Miura Anjin: Miura ndi dera limene Tokugawa Ieyasu anam'patsa malo, pamene anjin ndi wotsogolera chombo. Mlembi Lafcadio Hearn atakhala nzika mu 1896 anatenga dzina la banja la mkazi wake, Koizumi, kutanthauza kasupe wamng'ono, naonjezapo Yakumo, mitambo isanu ndi itatu. M'maina awiriwa liwu la dzina loyamba silimvekamo n'pang'ono pomwe.

4.0 Dzanja la boma

Mu 1946 boma linalengeza mndandanda wa kanji 1,850 zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo linalangiza kuti maina a anthu ndi malo akunja, kupatula a ku China, azilembedwa m'zilembo za kana, zimene zimaimira liwu lokha. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi katakana. Komabe malangizowo analola kuti mawu ozolowereka monga Beikoku apitirire, ndipo nyuzipepala zimawagwiritsabe ntchito chifukwa chilembo chimodzi chimakwana bwino pamutu wa nkhani.

Ngakhale ateji sinatheretu. Katswiri wa zolembalemba Donald Keene atakhala nzika mu 2012, dzina lake lovomerezeka linalembedwa m'katakana, koma anadzisankhiranso lina la kanji lomveka Kin Donarudo, lokumbutsa mtsinje wa Kinu ndi khwawa la panyanja la Naruto.

5.0 Mawu omaliza

Mbiriyi ili ndi phunziro kwa okonza malamulo a kalembedwe. Lamulo la 1946 linakhazikika chifukwa linapereka njira yapafupi pa maina atsopano, osalimbana ndi amene anali atamera kale mizu pakati pa anthu. Ndiponso silinathetse chilakolako cha mwini dzina chofuna kuti dzina lake linene kanthu. Bungwe la chiyankhulo lingalamule m'mene dzina liyenera kulembedwera m'mabuku a boma, koma funso lakuti munthu akufuna kudziwika bwanji limayankhidwa ndi mwini wake.