Mtawali yemwe ankatchedwa Chirwali

Sabata yatha ndikuphunzitsa Fomu 4 za ubale wa Malawi ndi South Africa m'nthawi ya Kamuzu, mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga anthu wamba zimenezi zinkawakhudza bwanji?" Ndinangotchulako za TEBA, belu n'kulira. Madzulo ndikuwongola miyendo kuno ku Area 13, maso ali ku Capital Hill, m'pamene ndinakumbukira munthu yemwe ndikanamutchula: Ernest Mtawali.

Tiyambe ndi phirilo. Mu 1967 Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la ku Pretoria, pomwe maiko ena a mu Africa ankalisala. Mu 1968 bomalo linatikongoza marandi 8 miliyoni oyambira kumanga likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno. John Vorster anadzacheza mu 1970, Kamuzu n'kukabwezera ulendowo mu 1971. Zonsezi zinkachitika dzuwa likuswa mtengo.

Koma ku mpira kunali mpanda. Bungwe la FIFA linachotsa South Africa mu 1976, ndipo wosewera wochokera dziko lomwe linali membala akakasewera kumeneko ankadziitanira chilango. Tsono taonani: nduna inkapita ku Pretoria ndi dzina lake, wa m'migodi ankapita ku Joni ndi dzina lake, koma Mtawali, mnyamata wobadwa mu 1964, anakavala jezi ya Bloemfontein Celtic ngati Ernest Chirwali.

Dzina linabisika, koma mwendo ayi. Mu 1985 Celtic, timu ya Petrus Molemela, inatenga chikho cha Mainstay Cup, ndipo chaka chomwecho "Chirwali" anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya dzikolo. Mnyamata wa zaka 21! Ankasewera pakati, ndipo achikulire omwe anamuona amati mpira ukafika pa iye unkakhala ngati wafika kwawo.

Apa ndi pomwe pamandipweteka. Zaka zomwe Mtawali anali pachimake ndi zomwezo zimene timu ya dziko lathu inali yoopsa. Mu 1987 inabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku All Africa Games ku Nairobi. Iye kunalibe. Sakanatha kuitanidwa. Ife tinali ana ozungulira wailesi nthawi imeneyo, ndipo maina omwe tinkawaimba pomenya mpira wachikulunga anali a ena. M'Malawi yemwe ankadzaza mabwalo a ku Free State ambirife tinamudziwa mochedwa.

Ena mwa inu aphunzitsi anzanga munena kuti anaswa chigwirizano chothana ndi tsankho, ndipo chigwirizanocho chinali ndi cholinga chabwino. Sindikukana. Kungoti ligi yomwe ankaseweramo inali yodzaza ndi osewera akuda, owonera ake ambiri anali anthu a m'makomboni, ndipo dziko lake lomwe linali litamuonetsa kale njira ya kummwera. Kumuweruza yekha, ofesi za pa phiri zija tikugwiriramo ntchito mpaka lero, ine ndiye zimandivuta.

FIFA itabwezeretsa South Africa mu 1992, dzina lenileni linatuluka poyera ndipo Flames inayamba kumuitana. Anatenga ligi ndi Mamelodi Sundowns mu 1993. Mu 1995 anapita ku Newell's Old Boys mumzinda wa Rosario ku Argentina, timu yomwe Diego Maradona anasewerako mu 1993, komanso komwe kamwana kotchedwa Lionel Messi kanali m'timu ya ana. Kumeneko anasewera magemu ochepa chabe. Kenako anakasewera ku Toulouse m'dziko la France, zaka 30 atazidutsa kale. Mu 2015 anapatsidwa ntchito yophunzitsa Flames, koma inatha mu 2016.

Lolemba ndikalowa m'kalasi ndikalemba maina awiriwo pa bolodi, Chirwali ndi Mtawali, kenako ndikamufunsa mtsikana uja kuti andiuze chomwe chinachitika pakati pawo. Inu ana anga akale omwe muli ku Bloemfontein, tafunsaniko madala a kumeneko dzina lomwe amamukumbukira nalo.