Kuyeza chinyezi m'nthaka pa ulimi wothirira pogwiritsa ntchito Chameleon

Alimi ambiri amathirira akaona kuti dothi lauma pamwamba. Koma nthawi zambiri pansi, pamene pali mizu, pamakhala padakali chinyezi chokwanira. Madzi akachuluka amatsitsa feteleza wa Urea kapena CAN kupita pansi pomwe mizu siifika. Mlimi amaluza feteleza, mafuta a pampu ndi mphamvu zake, ndipo anzake a kumunsi kwa sikimu amasowa madzi.

Chameleon n'chiyani?

Ndi chipangizo chimene anapanga akatswiri a bungwe la CSIRO ku Australia, ndipo chagwiritsidwa ntchito m'masikimu ena a ulimi wothirira m'Malawi muno. Dzinali likutanthauza birimankhwe chifukwa chimasintha mtundu. Tizipangizo tating'ono timakwiriridwa m'nthaka, mawaya ake n'kutulukira pamwamba. Mukalumikiza mawayawo ku kabokosi kowerengera, kamayatsa nyali. Chimene chimayezedwa ndi mphamvu imene mizu ikufunika kuti ikoke madzi, choncho mitunduyi imatanthauza chimodzimodzi pa dothi lamchenga ndi lamakande.

Tanthauzo la mitundu

- Buluu: dothi ndi lonyowa, musathirire.
- Wobiriwira: chinyezi chilipo, koma konzekerani kuthirira.
- Wofiira: dothi lauma, mbewu zikuvutika kukoka madzi.

Kaikidwe kake

1. Sankhani malo ofanana ndi mbali yaikulu ya munda, osati pachulu kapena pafupi ndi ngalande.
2. Viikani tizipangizoto m'madzi musanakwirire.
3. Tiikeni pakuya kosiyana katatu, monga masentimita 20, 40 ndi 60 pa chimanga. Pa ndiwo zamasamba chepetsani kuya chifukwa mizu yake siipita patali.
4. Tsenderani dothi bwino kuti likhudze kachipangizo.
5. Zikani chikhomo kuti khasu lisadule mawaya popalira.

Kuwerenga zotsatira

Werengani kawiri pa sabata, musanathirire, ndipo lembani mitundu yonse itatu m'kope. Ngati kapamwamba kafiira koma kapansi kali buluu, thirirani pang'ono chabe. Ngati tonse tikhala buluu sabata yonse, madzi achuluka ndipo feteleza akutayika. Dumphani tsiku lothirira. Kabichi, tomato ndi anyezi musazisiye mpaka nyali ifiire. Pa chimanga samalani kwambiri nthawi yomasula ngayaye ndi yokhwimitsa maso.

Alimi otsogolera angathe kuika chipangizochi pa munda wachitsanzo kuti gulu lonse liziphunzira limodzi. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za komwe chimapezeka.