Maso a M'mwamba Osaka Mitengo Yolanda Nkhalango

Mtengo wachilendo sulowa m'nkhalango ndi phokoso. Umamera pakati pa inzake, wobiriwira ngati iyo, ndipo eni dera akamadzidzimuka umakhala utadzaza kale chigwa chonse. N'chifukwa chake pamafunika maso a m'mwamba. Kujambula dziko kuchokera m'mwamba kunayamba mu 1858 pamene wojambula zithunzi Nadar anakwera chibaluni ku France, ndipo nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinakulitsa lusoli pa ndege. Komabe pa zithunzizo kunali kovuta kusiyanitsa mtundu wina wa mtengo ndi unzake.

Kwa ine zinthu zinasinthiratu mu 1972, setilaiti ya Landsat 1 itaulutsidwa. Anthu amatamanda NASA, koma ulemu waukulu ngwa Virginia Norwood, mayi amene anakonza chipangizo choyeza kuwala chomwe setilaitiyo inanyamula. Akuluakulu ankadalira makamera onga a wailesi yakanema, ndipo cha mayiyu anangochikweza moyesera. Mwezi usanathe makamerawo anazimitsidwa chifukwa cha vuto la magetsi, chake n'kupitiriza ntchito zaka zingapo. Chinkaona ngakhale kuwala kosaoneka ndi maso, kumene tsamba lamoyo limabweza kwambiri. Apa m'pamene panagona nkhani, pakuti masamba a mitengo yosiyana sabweza kuwalako mofanana.

Phindu lake linaonekera bwino ku Hawaii mu 2005. Asayansi Gregory Asner ndi Peter Vitousek, pogwiritsa ntchito ndege yokhala ndi chipangizo chogawa kuwala m'magawo 224, anatha kuloza pomwe Morella faya, mtengo wochokera ku zilumba za Azores ndi Madeira, unalowerera. Unagwidwa ndi masamba ake omwe, odzaza nayitrojeni kuposa a mtengo wa ohia, mwini nthaka.

Mu 2008 boma la America linasiya kugulitsa zithunzi za Landsat, ndipo mayiko osauka anapeza pogwira. Ife nkhawa yathu ili pa phiri la Mulanje. Paini wa Pinus patula, wa ku Mexico, anabzalidwa kumeneko nthawi ya atsamunda kuti tipeze matabwa, koma njere zake zouluka ndi mphepo zinathawa m'minda n'kukamera m'malo a mkungudza, mtengo wa fuko lathu. Setilaiti za Sentinel-2 zimadutsa masiku asanu aliwonse, kadontho kamodzi pachithunzi kakuimira mamita 10. Paini wamkulu zimamuona. Koma mphukira yofika m'bondo, yobisala mu udzu ku Chambe, amaipezabe ndi anthu okwera phirilo m'mamawa, chikwanje chili m'manja.